Tatengera Nsanja, Tasiya Mthunzi

Lamulungu lina la mwezi wa Okutobala tinapita kukapereka nsembe ya Misa pa tchalitchi china cha nthambi m'dera la Mfumu Tengani, kumunsi kwa msewu wopita ku Nsanje. Dzina la mudziwo sititchula, popeza zimene tikufuna kunena sizikhudza mudzi umodzi wokha. Tchalitchicho n'chatsopano, chomangidwa ndi thukuta la Akhristu eni ake, ndipo munthu wodutsa pa msewu sangaleke kuchicheukira: makoma oyera ndi penti, malata onyezimira, mazenera osongoka pamwamba, ndi chiyambi cha nsanja pakhomo, imene ikudikira ndalama kuti ikwere. Misa inayamba cha m'ma 10 koloko. Pofika pa Mthenga Wabwino malata anali atayamba kuthetheka monga achitira akapsa ndi dzuwa, ndipo amayi a makanda anali atatuluka kale. Pa nthawi ya zopereka theka la mpingo linali panja, patsinde pa mtengo wa nimu, likutsatira mwambo kudzera pa zenera. Ife pa guwa, titavala zovala zonse za Misa, tinali kupukuta nkhope kuti thukuta lisadonthere pa buku, ndipo tivomere kuti ulaliki tinaudula pakati.

Itatha Misa, a katekisiti anatitengera kuseri kuti tikaone matumba a simenti amene Akhristu asonkha. Amawasunga m'tchalitchi chakale, kanyumba ka njerwa zofiira kamene kanasiyidwa tsiku limene chatsopano chija chinadalitsidwa. Titalowa tinaima kaye osalankhula. Munali mozizira bwino. Khoma lake n'lochindikala, la njerwa ziwiri zogonekedwa motsatana. Denga, ngakhale ndi la malata adzimbiri, lili kutali ndi mutu wa munthu. M'munsi mwa dengalo muli timabowo ta mpweya mbali zonse ziwiri. Panja pali khonde, ndiponso mitengo iwiri ya mango imene wina anaibzala chakumadzulo. Pakona, pafupi ndi pamene panali guwa, mbuzi zitatu za m'mudzimo zinali zitagona zikubzikula. A katekisiti anachita manyazi nafuna kuzipirikitsa, koma tinawaletsa. Mwa onse amene tinafika pamalopo tsiku limenelo, mbuzizo ndizo zinasankha nyumba mwanzeru.

Chiyambire tsikulo takhala tikuyang'ana matchalitchi a m'chigwa muno ndi maso ena, ndipo chimene taona n'chimodzi. Pa nyumba zimene anatisiyira amishoni ndi agogo athu tatengera chovala chake chokha, nzeru yake n'kuisiya. Ndipo chimene chinali cholakwika m'nyumba zakalezo ndicho tachisunga mokhulupirika koposa. Inu makolo, nkhaniyi musaiyese ya amisiri okha. Pafupifupi mphakati uliwonse uli ndi kope la zopereka za chitukuko. Banja lanu lauzidwa kale kuti lipereke thumba la simenti, kapena lata, kapena mbuzi, ndipo nyumba imene tikumanga chaka chinoyi ndiyo adzabatizidwiremo ndi kumangitsiramo maukwati adzukulu anu.

Tiyambe ndi kukumbukira m'mene nyumbazi zinafikira kuno. Ansembe atatu oyamba a chipani cha Montfort, Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Anton Winnen, analowa m'dziko lino mu 1901 kudzera pa mtsinje wathu womwewu wa Shire, nafikira pa Port Herald, pamene lero timati Nsanje. Sanakhazikike. Kwa Azungu a nthawi imeneyo chigwa chinali njira chabe, malo otentha ndi a malungo oyenera kuwadutsa msanga, ndipo ansembewo anapitirira kumtunda mpaka kwa Njobvuyalema ku Ntcheu, kumene anatsegula mishoni ya Nzama chaka chomwecho. Panatsatira Nguludi, Neno, Utale ndi Nankhunda. Ife a kuchigwa, amene tinali oyamba kuwaona, tinadikira mpaka 1918 pamene mishoni ya Chikwawa inatsegulidwa, ndi 1921 pamene inatsegulidwa ya Port Herald. Dayosizi ya Chikwawa inabadwa mu 1965, ndipo episkopi wake woyamba anali Ambuye Eugen Vroemen. Choncho matchalitchi amene ife timawatcha akale ndi ana poyerekeza ndi a anzathu a m'mbali mwa Zambezi, kumene Ajezuiti anayamba mishoni ya Boroma mu 1885, ndipo ku Sena ndi ku Tete Misa inali itaperekedwapo kale zaka zoposa 300 m'mbuyo mwake.

Tchalitchi choyamba cha mudzi sichinali kumangidwa ndi wansembe. Ankachimanga ndi mphunzitsi pamodzi ndi ana ake a sukulu: nsichi za tsanya zimene chiswe sichizikonda, phaso, udzu, ndi dothi lomata. M'kati mwa sabata inali sukulu, Lamulungu inali nyumba ya mapemphero, ndipo wansembe ankangofika mwa apo ndi apo pa njinga. Njerwa zinabwera pambuyo, mpingo utakula. Pamenepo abambo ankaponda dothi ndi kuumba m'zikombole, amayi ankasenza madzi kuchokera kudambo, ana ankatuta njerwa pamutu kuchokera pa uvuni, ndipo akalasi okonzekera Ubatizo ankagwira gawo lalikulu la ntchitoyo. Apa tili ndi dandaulo lathu loyamba. Mbiri ikamanenedwa imati tchalitchi chakutichakuti anamanga ndi Bambo uje kapena Bulazala uje. N'zoona kuti iwowo anayesa chingwe ndi kuimika makona, ndipo tikuwathokoza. Koma manja mazanamazana amene anaumba njerwazo alibe dzina paliponse.

Izi si za Akatolika okha. Tchalitchi chotchuka cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Aliyense amadziwa kuti anachilingalira ndi mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za zomangamanga, ndi kuti njerwa zake za mitundu yoposa 80 zinaumbidwa pomwepo. Koma funsani mwana wa sukulu dzina la mmisiri mmodzi Wachiyao kapena Wachimang'anja amene anakwera pamwamba kukatseka denga lozungulira lija, mudzamva zii. Ngati nyumba yotchuka chotero inaiwala amisiri ake, nanji kanyumba ka kwa Tengani!

Tsono tiyang'ane nzeru imene ili m'makoma akalewa, popeza pano m'pamene pagona nkhani. Kuno kwathu dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40. Khoma lochindikala limamwa kutentha pang'onopang'ono. Pamene kutenthako kukufika m'kati, dzuwa limakhala litapendeka, Misa inatha kalekale, ndipo usiku khomalo limakubweza kunja. Khoma la buloko limodzi la simenti silichedwa chotero: pofika masana limakhala litapsa mbali zonse ziwiri ngati chiwaya. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Ukapeza bowo pansi pa denga umatuluka, ndipo wozizirapo umalowa pa zitseko ndi mazenera a m'munsi. Ndicho chifukwa chake akale ankasiya timabowo tija, timene ife lero timatitseka ndi simenti poti akuti mumalowa mileme. Lata likapsa limawotcha chilichonse chimene chili pafupi nalo, monga moto uwotchera munthu wowotha pafupi. Ukalikweza ndi mizere ya njerwa isanu kapena isanu ndi umodzi, kapena ukayala bango m'munsi mwake, ukali wake umachepa. Khonde si lokongoletsa: limaphimba khoma ku dzuwa, limaliteteza ku mvula yowomba cham'mbali, ndipo limapatsa malo mayi wa mwana wolira kuti atuluke popanda kuchoka pa Misa.

Pali chinanso chimene ambiri sitichizindikira. Mwambo wakale wa Eklezia unali woika guwa chakum'mawa, kotulukira dzuwa, pokumbukira Khristu wouka kwa akufa. Kumene omanga anatsata mwambo umenewu, nyumba inagona kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, kotero kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo, limene limalowa cham'mbali, limagunda makoma aafupi okha, makoma aatali okhala ndi mazenera n'kutsala pamthunzi wa denga. Chimene chinayamba ngati chizindikiro cha chikhulupiriro chinasanduka mankhwala a kutentha. Ife lero tchalitchi timachilozetsa kumsewu, kuti odutsa pa minibasi aone kumaso kwake. Ndipo popeza msewu wa kuno umayenda motsata mtsinje, kawirikawiri zimangochitika mwamwayi kuti nyumba igone bwino kapena moipa. Palibe amene anafunsapo kumene dzuwa lidzakhale pa nthawi ya Misa yachiwiri.

Tisanamizane, sikuti zonse za akale tingathe kuzibwereza. Njerwa zootcha zinadya mitengo yambiri ya tsanya, ndipo mapiri a kumadzulo kwathu akuchitira umboni. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zotere pa ntchito zikuluzikulu zomanga. Koma njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindira pa makina, zimatha kupanga khoma lochindikala popanda kudula mtengo. Kwinanso akale anagonja. Nthaka ya m'chigwa muno ili ndi mchere m'malo ambiri, monga adziwira aliyense amene analawapo madzi a mijigo ina. Mcherewo umakwera ndi chinyezi n'kudya njerwa za m'munsi mpaka zimanyenyeka ngati chigumu. Ife tikaona zimenezi timathamangira kumata pulasitala wa simenti, osadziwa kuti tikutsekera chinyezi m'kati, ndipo patapita zaka zochepa pulasitalayo amagwa atanyamula nkhope ya njerwa. Mankhwala ake ndi maziko okwera, pepala lotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, ndi ngalande yochotsa madzi patsinde pa khoma. Zimenezi sizioneka pa chithunzi cha tsiku lodalitsa nyumba, n'chifukwa chake makomiti sazikonda.

Tanena zabwino, tinene tsopano chimene sitigwirizana nacho m'nyumba zakalezi, ndicho kutalika kwake. Akhristu oyamba ankasonkhana m'nyumba za anthu, monga ichitira miphakati yathu lero. Mfumu Constantine itapereka ufulu wa chipembedzo mu 313, mpingo unachuluka, ndipo unabwereka kamangidwe ka basilika, holo yaitali ya Aroma yoweruziramo milandu ndi kuchitiramo malonda, imene woweruza ankakhala kumapeto kwake. Tchalitchi cha Lateran ku Roma, chimene timakumbukira kudalitsidwa kwake pa 9 Novembala chaka ndi chaka, n'cha mtundu umenewu. Kuchokera kumeneko kamangidweka kanayenda zaka mazanamazana, kanafika ku France ndi ku Holland kwawo kwa amishoni athu, kumene kanalandira mazenera osongoka ndi nsanja, ndipo potsiriza kanatsikira pa doko la Port Herald. Pa Misa ya Chilatini kutalikako sikunali vuto lalikulu. Wansembe ankayang'ana kuguwa, akunong'ona mapemphero m'chinenero chimene anthu sankachimva, kampanda kogwadirapo polandira Ukaristia kali pakati pa iye ndi iwo; wokhala kutsogolo ndi wokhala kumbuyo ankamva chimodzimodzi kabelu kokha.

Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unasintha zimenezi. Chikalata chake cha mwambo wa mapemphero, cha mu 1963, chinafuna kuti mpingo wonse utengeko mbali mozindikira, osangokhala owonerera. Guwa linasunthidwa kuchoka kukhoma, wansembe anatembenuka, Mawu a Mulungu anayamba kumveka m'chinenero chathu, ng'oma ndi zisekese zinalowa. Koma makoma anatsala pomwepo. Akalewo tingawakhululukire, pakuti anamanga Msonkhanowo usanachitike. Chodabwitsa n'chakuti ife, patapita zaka 60, tikumangabe nyumba zazitali ngati mabogi a sitima, zoti wokhala kumbuyo amaona wansembe ngati kadontho, ndipo batire ya chimkuzamawu ikatha amangomva mphekesera za ulaliki. Ndipo ndani amakhala kumbuyoko? Amayi oyamwitsa, achinyamata, ndi aja amene adziona okha kuti sali bwino ndi Mpingo. Ndiye kuti anthu omwewo amene tinayenera kuwayandikira koposa. Ana ovina pa nthawi ya zopereka amapanikizana m'kanjira kamodzi kopapatiza kamene kanapangidwira mdipiti wa anthu awiriawiri oyenda manja ali pachifuwa.

Wina adzati: kodi sitinayambe kale kuvala zakwathu? Inde, tinayamba. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, amisiri athu asema ndi kujambula zinthu zimene zalowa m'matchalitchi ambiri m'dziko lino ndi kunja komwe, ndipo amene analowapo m'tchalitchi cha ku Bembeke sangaiwale zithunzi za m'makoma mwake. Ntchito imeneyi ndi yamtengo wapatali. Komabe tinene mosabisa kuti m'malo ambiri chikhalidwe chathu tachilola kufika pa penti ndi pa chosema, osati pa maziko. Tajambula Amayi Maria atavala chitenje pakhoma la nyumba imene kagonedwe kake konse n'ka Aroma.

Nanga makolo athu ankasonkhana bwanji pa zinthu zolemekezeka? Pitani pa bwalo la mfumu tsiku la mlandu. Anthu amakhala mozungulira ngati uta, pamthunzi, aliyense akuona nkhope ya wolankhula ndi ya mnzake yemwe; palibe amene amakhala kutali koti sangamve. Kumwera kwathu kuno, m'nkhalango ya Khulubvi pafupi ndi boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona, amene mbiri yake anaifufuza mozama ndi wansembe mnzathu wa chipani cha Montfort, Bambo Matthew Schoffeleers, amene anafika m'dziko lino mu 1955 natumikira m'chigwa chomwe chino. Kachisiyo ndi kanyumba kozungulira ka mitengo ndi udzu. Kakaola, mafumu ndi anthu awo amayenera kugwirizana kaye kuti akamangenso, ndipo pakakhala mkangano m'dziko kanyumbako kamakhala kakugwa mpaka anthu atamvana. Musatimve molakwa, owerenga: sitikunena kuti guwa la Khristu ndi kachisi wa mizimu n'chimodzi. Tikunena kuti anthu a m'chigwa muno anadziwa kalekale kuti nyumba yopatulika imaima chifukwa cha mgwirizano wa oimanga, ndi kuti kuikonza kawirikawiri ndi gawo la kupembedza kumene. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga sunali fanizo chabe: denga la nyumba yozungulira ankalimangira pansi, kenaka amuna a m'mudzi ankalinyamula pamodzi n'kuliveka pa chipupa. Tchalitchi chotambalala m'mbali, chokhala ndi mipando yozungulira guwa mbali zitatu, ndi makoma a m'mbali otseguka kumtunda, sichingakhale chachilendo kwa Mmang'anja kapena Msena aliyense. Chachilendo ndi bogi ija.

Kwa Tengani kuno tinaonanso mtundu wina wa tchalitchi umene mbiri ya zomangamanga siidzaulemba. Kuyambira mu 1986 abale athu a ku Mozambique anawoloka mwaunyinji pothawa nkhondo, ndipo misasa yawo inamangidwa kwa Tengani, ku Nyamithuthu, ku Mankhokwe ndi kwina. Akuluakulu amene analipo amatiuza kuti anthu aja, atangomanga pogona, ankamanganso chisakasa chopemphereramo: nsanamira, udzu, mtanda wa timitengo tiwiri. Ambiri anali atakhala zaka popanda wansembe kwawoko, ndipo anali atazolowera kutsogolera okha mapemphero. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kwawo pang'onopang'ono, zisakasa zija n'kudyedwa ndi chiswe. Lero palibe njerwa yoti tiloze. Koma ana anabatizidwa m'menemo, ndipo mphepo inkadutsamo bwino kuposa m'nyumba zathu za malata.

Tsopano za madzi. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi namondwe Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana, ndiponso mu Malichi 2023 ndi Freddy, anthu a Chikwawa ndi Nsanje anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Amene tinatumikira masiku amenewo tinaona mipando itaunjikidwa pakona, mabanja atayala mphasa kuyambira pakhomo mpaka patsinde pa guwa, nsima ikuphikidwa pakhonde. Pamenepo nyumba iliyonse inayesedwa mayeso amene palibe komiti inawakonzekera. Funso silinali lakuti nsanja yake ndi yaitali bwanji. Linali lakuti: kodi ili pamtunda? Kodi maziko ake akwera kufika m'bondo kapena m'chiuno? Kodi denga linamangiriridwa kukhoma ndi waya, kapena linangokhomedwa pa thabwa? Kodi pali zimbudzi zokwanira, ndi mjigo umene madzi osefukira sangaumize? Akale, posankha malo, ankafunsa nkhalamba za m'mudzi kumene madzi anafika pa chigumula chachikulu chimene iwo ankakumbukira, pakuti madzi saiwala khwawa. Mlimi aliyense kuno amasiyanitsa mphala ndi dimba. Koma pomanga tchalitchi taona malo akulandiridwa chifukwa chakuti Mkhristu wina wapereka ulere, kapena chifukwa ali pafupi ndi msika, ndipo palibe analimba mtima kunena kuti malowo ndi njira ya madzi, poopa kukhumudwitsa woperekayo. M'chigwa muno tchalitchi chilichonse chidzakhala pothawira tsiku lina, tifune tisafune, ndipo kuchimanga ngati kuti sichidzatero n'kusasamala moyo wa anthu.

Tibwerere ku nsanja ija. Ku Ulaya nsanja inali ndi ntchito: inkanyamula belu lolemera kuti limveke kutali m'dziko la nyumba zothithikana. Kuno belu la nthambi zambiri ndi chitsulo cha njanji kapena limu ya galimoto yopachika pamtengo, ndipo limamveka mpaka kudimba popanda nsanja. Koma nsanja ili ndi ntchito ina imene sitiitchula: imalankhula kwa a mipingo ina. M'masiku amene mishoni zinkalimbirana midzi ndi masukulu, nyumba yaitali inali mbendera. Anthu a nthawiyo ankalimva bwino liwu la njerwa: pa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915 mishoni ya Nguludi inatenthedwa, ndipo boma la atsamunda pobwezera linagumula tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene Chilembwe anamanga ku Mbombwe. Masiku amenewo anapita, koma kamtima kopikisana kanatsala. Ndipo ife ansembe tisaloze chala Akhristu okha. Wansembe amakhala pa parishi zaka zowerengeka, ndipo chiyeso chofuna kusiya chinthu chooneka, chokhala ndi mwala wolembedwa dzina lake, n'chachikulu. Ngalande ilibe mwala wolembedwa dzina. Ku seminale tinaphunzira zambiri za tanthauzo la guwa, koma palibe tsiku limene tinaphunzira kuwerenga pulani ya nyumba, ndipo ambiri a ife timangovomereza chimene mmisiri wajambula potengera tchalitchi chimene anachiona m'tauni.

Patapita masabata atatu chichitikire za mbuzi zija tinaitanidwa ku msonkhano wa komiti ya nthambiyo. Nkhani zinali ziwiri: kumaliza nsanja, ndi kugumula tchalitchi chakale kuti njerwa zake zithandize pa ntchitoyo. Tinapempha kuti msonkhano uchitikire m'nyumba yakaleyo, ndipo anthu, ngakhale anadabwa, anasesa ndowe n'kulowetsa mabenchi. Tinafotokoza zimene talemba panozi, mwina motalikitsa. A wapampando, munthu wodzipereka amene wagulitsapo ng'ombe yake chifukwa cha nyumba ya Mulungu, anamvetsera mwaulemu, kenaka anati: "Bambo Mfumu, zonsezo tamva. Koma anzathu a mpingo wa patsidya pa msewu amanga yawo yaitali. Ife Akatolika tioneke ngati amasiye?" Sitinawayankhe msanga, chifukwa funsolo si lopusa. Munthu wosauka akamangira Mulungu chinthu chokongola amakhala akunena kuti iyenso ndi munthu, ndipo wansembe amene amagona m'nyumba ya siling'i ayenera kusamala polalikira za kudzichepetsa kwa makoma. Tinangowafunsa ngati anaona kuti takhala m'nyumbamo maola awiri masana popanda wina kutuluka.

Amene anathetsa nkhani si ife. Anali agogo ena aakazi amene sali m'komiti, amene anangobwera kudzakhala pakhonde. Analowa ndi ndodo yawo nati: "Abambo, ndilankhuleko. Njerwa izi madzi ake ndinasenza ine ndili mtsikana, ndi anzanga a kalasi. Mukagumula mundiuze tsiku, ndidzabwere ndidzatenge yanga." Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. Anatitsogolera kukhoma la kumpoto, m'munsi mwa zenera lachiwiri, natiloza njerwa imene ili ndi zidindo za zala zitatu zazing'ono. Anati ndi za mlongo wawo, amene anaigwira isanaume ndipo anakwapulidwa chifukwa cha zimenezo. Anamwalira kalekale ku Zimbabwe, kumene anapita kukagwira ntchito, ndipo manda ake palibe wa pabanjapo anawaona.

Komiti sinagwirizane nafe pa zonse. Nsanja sanaikane, angoiimika kaye mpaka chaka chamawa akakolola, ndipo tikudziwa kuti nkhaniyo idzabweranso. Koma anavomera kuboola mipata ya mpweya pansi pa denga la tchalitchi chatsopano, kuyala bango m'munsi mwa malata mbali ya kuguwa ndi ya amayi poyamba, ndi kubzala mitengo ya nimu chakumadzulo mvula ikayamba, mphakati uliwonse mitengo iwiri ndi mpanda wake woteteza ku mbuzi. Nyumba yakale sigumulidwa. Aikonza chitseko, akumba ngalande kuzungulira maziko, ndipo akalasi aziphunziriramo Loweruka.

Tisananyamuke tinakhala pakhonde ndi agogo aja, a katekisiti atatenga kope. Anatchula mayina a anthu amene anaumba, kuotcha ndi kusenza, mmodzimmodzi, akuima kawirikawiri kuti akumbukire mudzi wa aliyense. Anafika pa mayina 14 n'kutopa. Otsalawo akuti akawafunsa kwa mchemwali wawo amene anakwatiwa ku Phokera, ngati apeza wowakweza pa njinga.